Nkhawa ya mayi woyembekezera amene anatayapo mwana: lipoti la mzamba ku Johannesburg

Lipotili ndi la mayi wa zaka 28 wochokera m'boma la Mulanje, amene ndinawasamalira kuyambira pakati pali ndi masabata 24 mpaka patapita masabata 6 atachira. Ndine namwino mzamba pa kiliniki ina ya boma kum'mwera kwa mzinda wa Johannesburg, kumene kumabwera amayi ambiri a ku Malawi, Mozambique ndi Zimbabwe. Mayiwa anavomera kuti ndilembe nkhani yawo. Dzina ndi zina zowazindikiritsa ndasintha, ndipo ndiziwatchula kuti a Nambewe. Ndalembera azamba anzanga, komanso amayi a m'mipingo amene amaperekeza Amalawi ku sikelo kuno, kuti tione pamodzi chinthu chimodzi: nkhawa ya mayi amene anatayapo mwana ili ndi nyengo yake yodziwikiratu, ndipo mzamba wodziwa mbiri yonse angathe kuikonzekera isanafike.

Mmene anafikira kwa ine

A Nambewe anayamba sikelo pa masabata 19. Pa khadi la boma la amayi oyembekezera, Maternity Case Record, panalembedwa kuti pakati ndi poyamba. HIV analibe, chindoko analibe, BP inali 118/74, Hb (mlingo wa magazi m'thupi) 10.4. M'khadi lomweli muli mafunso 3 okhudza maganizo, amene anachokera ku ntchito ya Perinatal Mental Health Project ya ku University of Cape Town. Amafunsa ngati pa masabata 2 apitawa mayi wakhala akulephera kusiya kuda nkhawa kapena kuganiza kwambiri, ngati wakhala wokhumudwa kapena wopanda chiyembekezo, ndiponso ngati wakhala ndi maganizo odzivulaza kapena kudzipha. Onse anayankha kuti ayi. Amene ankawamasulira tsikulo anali alamu awo, mchemwali wa amuna awo.

Kuyambira sabata 21 anayamba kubwera masiku osakhala a sikelo, dandaulo lili limodzi: mwana sakusewera. Ulendo uliwonse mtima wa mwana unkamveka bwino, n'kubwerera kunyumba. Pa mzere wautali ngati wathu, mayi wotere sachedwa kuoneka ngati wotayitsa nthawi.

Ndinawaona pa masabata 24, ali okha, chitseko chili chotseka. Mimba inali kukula molingana ndi masabata, mtima wa mwana 144 pa mphindi, BP 122/78, mkodzo wabwino. Koma sikelo yawo inali isanakwere mpang'ono pomwe chiyambire, ndipo Hb inali itatsika kufika 9.6. Pogwira mimba ndinaona mizere yakale yoyererako, imene mayi wa pakati poyamba sakhala nayo kawirikawiri.

"Achemwali, mimba iyi ndi yoyamba ndithu?"

Anayang'ana kukhoma nthawi yaitali. "Ina ija sitiwerenga, anesi. Inali nthayo."

Mbiri imene sinali pa khadi

Mu 2021, ali kwawo, anali ndi pakati pa masabata 35. Mapazi ndi nkhope zinatupa, mutu unkawawa kwambiri, kenako mwana anasiya kusewera. Akuluakulu anati mwana wangogona, ndipo pofika kuchipatala patapita masiku, mtima sunamvekenso. Anabereka mwana wakufa. Sanamuone, sanauzidwe ngati anali wamwamuna kapena wamkazi. Amayi achikulire anakamuika okha monga mwa mwambo, popanda maliro, ndipo iwo analangizidwa kuti asalire, angadzitsekere mimba ina. Alamu awo aja zonsezi ankazidziwa, koma nawonso anaona kuti si nkhani yotchula pamaso pa mlendo, makamaka mayi ali ndi pakati pena.

Chiyambire pakati patsopanopa tulo anali atasowa. Amuna awo ndi alonda a usiku, choncho amagona okha m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya eni ake. Ankadzidzimuka pakati pa usiku, kugwedeza mimba, kumwa madzi ozizira kuti mwana asewere, n'kukhala tsonga mpaka kucha. Mtima unkathamanga, chakudya sichinkalowa, ndipo ankalira akakhala okha. Mumtima anali atadziweruza kale: mwana woyamba uja anafa chifukwa iwo anapitiriza ganyu yothyola tiyi mimba itakula, kapenanso chifukwa cha mayi wina amene anakangana naye pa mjigo n'kuwauza kuti "tidzaona".

Ndinawafunsa mafunso a EPDS, chida cha mafunso 10 choyezera kukhumudwa kwa amayi oyembekezera ndi ochira kumene, chimene chinatuluka mu 1987 ndipo chinamasuliridwa m'Chichewa n'kuyesedwa pa amayi oyembekezera ku Malawi. Anapeza 17 pa 30, pamene 13 kupita m'mwamba timati mayi afunika kuunikidwa bwino. Pa funso lomaliza, la kudzivulaza, anavomera kuti maganizo otere anawafikirapo. Apa sitizungulira. Ndinafunsa mwachindunji ngati anaganizapo zodzipha, njira yake, ndiponso ngati anayesapo. Anati ayi, koma kuti uyu akapitanso, iwo saona chifukwa chokhalira ndi moyo. Ndinafunsanso za nkhanza m'banja. Amuna awo sawamenya kapena kuwanyoza, koma za mwana uja sanalankhulepo ngakhale kamodzi.

Panalinso mavuto ena a tsiku ndi tsiku. Masiku 30 amene pasipoti ya Malawi imapatsidwa polowa muno anatha kalekale, ndipo ankaopa kuti kuchipatala chachikulu akawabweza kapena akawalipiritsa ndalama zambiri. Nyumba ya amayi awo inagwa ndi namondwe Freddy mu Malichi 2023, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala chaka chomwecho, ndalama zimene ankatumiza pa Mukuru zinaoneka zochuluka koma simenti ndi malata nazo zinakwera. Mwezi ukamatha, foni yochokera kumudzi sinkalephera. Iwo amachapa ndi kukolopa m'nyumba ziwiri, ndipo ankamanga mimba ndi chitenje kuti mabwana asazindikire.

Mmene ndinaonera vutoli

Ndinalemba zinthu zitatu: zizindikiro za nkhawa ndi kukhumudwa zofunika dokotala aziunike, chisoni chosalira cha mwana woyamba, ndi magazi ochepa. Chachitatuchi sichiyenera kuiwalika, chifukwa kufooka ndi kuthamanga kwa mtima kumabweranso ndi magazi ochepa, ndipo mayi wa nkhawa akamva mtima ukugunda amaganiza kuti tsoka layandikira. Pamwamba pa izi, mbiri ya mwana wobadwa atafa inasinthiratu gulu lawo: sanalinso woyenera sikelo ya pa kiliniki pokha, anafunika kuonedwa ndi madokotala a kuchipatala chachikulu.

Bungwe la WHO limati m'maiko osauka ndi ongotukuka kumene amayi 15.6 pa 100 alionse amakhala ndi vuto la maganizo ali oyembekezera, ndipo 19.8 pa 100 atachira, makamaka kukhumudwa. Ndiye khadi lililonse likamatuluka ndi "ayi, ayi, ayi", tisamadzinamize kuti amayi athu ali bwino. Mafunso atatu aja ndi abwino, koma akafunsidwa pamaso pa wachibale wa kuchimuna, chitseko chili pululu, yankho limadziwika asanafunse.

Zimene tinachita

Tsiku lomwelo dokotala wa pa kiliniki anawaona. Anagwirizana nane kuti ngozi yodzipha si yapafupi, koma tinalemba pamodzi ndi iwo chochita maganizo aja akadzabwera: kuimbira amuna awo, kugogoda kwa mayi wa ku Ntcheu wa chipinda choyandikana, kapena kuimba nambala yaulere ya SADAG, bungwe lothandiza anthu ovutika maganizo, 0800 567 567. Dokotala anafotokoza za mankhwala a kukhumudwa a gulu la SSRI, kuti alipo amene amaperekedwa kwa oyembekezera ubwino wake ukaposa chiopsezo. A Nambewe anakana, poopa kuti awononga mwana. Tinalemekeza, n'kugwirizana kuti tidzakambirananso zinthu zikapanda kusintha. Ayironi, mankhwala owonjezera magazi, tinawonjezera, n'kuwauza kuti asamamwere tiyi, pakuti tiyi amalepheretsa ayironi kulowa bwino m'thupi. Kwa munthu wa ku Mulanje langizo limeneli silinalandiridwe ndi manja awiri.

Kalata ya kuchipatala chachikulu anailandira akunjenjemera. Apa panafunika kunena lamulo momveka. Amayi oyembekezera ndi ana osakwana zaka 6 akhala akulandira chithandizo chaulere m'zipatala za boma muno kuyambira 1994, ndipo mu Epulo 2023 khoti lalikulu la ku Johannesburg, pa mlandu umene bungwe la SECTION27 linakasuma, linagamula kuti ufulu umenewu ndi wa mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa, kaya ndi wa dziko liti, kaya ali ndi mapepala kapena ayi. Sindinawanamize kuti pachipata sipakhala mavuto. Nthawi zina pamaima magulu a anthu ofunsa ziphaso, ndipo alipo ogwira ntchito osadziwa kapena osafuna kudziwa chigamulochi. Choncho ulendo woyamba anapita ndi mayi wachikulire wa Mvano wa ku mpingo wawo, amene wakhala kuno zaka zambiri ndipo saopa kulankhula.

Chimene chinathandiza koposa chinachokera ku Mulanje. Ndinafunsa ngati buku lawo la kuchipatala la 2021 likadalipo. Linali kwa mng'ono wawo, ndipo analijambula n'kutumiza pa WhatsApp. Tsiku limene anagonekedwa, BP inalembedwa 168/112, ndi mapuloteni ambiri mumkodzo. Imeneyi ndi pre-eclampsia, matenda a BP ya pakati amene amachepetsa magazi opita kwa mwana. Ndinawaonetsa manambalawo pa foni yawo yomwe, n'kuwauza pang'onopang'ono: "Achemwali, mwana uja sanafe ndi dengu la tiyi. Anafa ndi matenda awa, ndipo matenda awa timawaona akamabwera." Za mayi wa pa mjigo sindinatsutse kapena kuvomereza. Ndinangoti ngakhale zikanakhala zoona, chimene chinalembedwa m'bukumo tili ndi njira yochiyezera sabata iliyonse. Madokotala ataona chithunzicho anawayambitsa asipirini wa mlingo wochepa, ngakhale nthawi yabwino yoyambira, masabata 16 asanakwane, inali itadutsa. Kashiamu anapitiriza.

Ndondomeko ya sikelo ya amayi oyembekezera ya BANC Plus, imene inayamba muno mu 2017 potsatira malangizo a WHO a 2016, imafuna kuti mayi aonedwe maulendo 8. Kwa a Nambewe tinawonjezera. Tinagwirizana kuti kupatula masiku a kuchipatala chachikulu, azibwera kwa ine masabata awiri alionse, tsiku ndi ola lodziwika, osayambanso kufotokoza mbiri kwa munthu watsopano. Poyamba ndinkayeza BP n'kuwaonetsa nambala, kenako kuika kachipangizo ka Doppler kuti amve okha mtima wa mwana, kukambirana kumabwera pambuyo. Ndinaona kuti asanamve mtimawo, chilichonse chimene ndinganene chinkangodutsa.

Apa pali povuta pamene azamba timasiyana maganizo. Ena amati mayi wa nkhawa ukamamuyeza nthawi iliyonse imene wafuna, ukudyetsa nkhawayo. Pali choonadi pamenepo. Koma mayi wonena kuti mwana sakusewera sabwezedwa osayezedwa, makamaka wa mbiri ngati iyi, ndipo ndinawauza kuti asadzadikire ngakhale usiku umodzi. Chimene tinachepetsa ndi kudziyesa kwa kunyumba. Atapatsidwa pepala lowerengera kusewera kwa mwana pa masabata 28, analisandutsa chikwapu: ankawerenga usana ndi usiku, mzere uliwonse wopanda chizindikiro n'kukhala maliro. Tinabwerera ku mmene pepalalo liyenera kugwirira ntchito, kamodzi patsiku, ola limodzi, atadya, atagonera kumanzere. Usiku akadzidzimuka, aziyamba ndi kupuma pang'onopang'ono, mpweya wotuluka utalike kuposa wolowa, asanaganize chochita.

Mavuto a ndalama ndi ntchito tinawatenga limodzilimodzi, motsatira njira yothetsera mavuto imene Friendship Bench, ntchito ya uphungu wa za maganizo ya ku Zimbabwe, inatchukitsa: mayi atchula mavuto ake onse, asankha limodzi limene angathe kuligwira sabata ino, apeza yekha njira, n'kudzanena mmene zayendera. Anasankha foni ya kumudzi. Amuna awo ndi amene anaimbira apongozi awo kuwauza kuti kwa miyezi ingapo atumiza theka. Za ntchito ndinawauza kuti lamulo la muno panthawiyo linkapatsa mayi miyezi 4 ya tchuthi cha uchembere, kuti kuchotsa munthu ntchito chifukwa cha pakati n'kosaloledwa, ndipo kuti madandaulo otere amapita ku CCMA, bungwe loweruza mikangano ya pa ntchito. Anamasula chitenje n'kuwauza mabwana onse awiri. Mmodzi anawasungira malo. Winayo anati asabwerenso, ndipo ku CCMA sanapite chifukwa cha mapepala. Sindinawakakamize.

Za mwana woyamba tinayamba kulankhula pa masabata 28, iwo atayambitsa okha. Ndinafunsa ngati akufuna kudziwa kuti anali mwana wanji. Anaimbira amayi awo madzulo ake. Anali wamkazi, ndipo amayi awo, amene anali nawo pokaika, analira pa foni kwa nthawi yoyamba. Mwambo wa nthayo sindiunyoza. Kumudzi mayi amaletsedwa kulira, koma amakhala pakati pa amayi anzake amene nawonso anatayapo, omuphikira phala ndi kumutungira madzi. Kuno chimene chimawoloka Beitbridge, chipata cha malire cholowera muno, ndi chiletso chokha, amayi aja amatsala. N'chifukwa chake ndimaona kuti mzamba ayenera kutsegula khomo la nkhaniyi, koma osamukankhiramo munthu.

Amuna awo anabwera kamodzi, atangoweruka ku ulonda. Atamva mtima wa mwana anati, "Ine ndimaopa kufunsa, anesi, ndimati ndiwakumbutsa." Ndinawapatsa ntchito zooneka: kudziwa zizindikiro zoopsa, monga mutu waukulu, kuona zinthu mwachimbuuzi, kupweteka pansi pa nthiti, kutaya magazi, ndiponso kusunga padera ndalama ya galimoto ya usiku. Ndinawachenjezanso za mwanamphepo, amene abale ena amatumiza pa basi kuti matenda afulumire, kuti angathe kung'amba chiberekero. Pa foni anali atalembetsa kale MomConnect, mauthenga a boma amene anayamba mu 2014, koma poti sabwera m'Chichewa, bambowa ndi amene ankawawerengera.

Pa masabata 30 EPDS inatsika kufika 11. Sikelo inakwera, Hb inafika 10.8, ndipo ankagona pafupifupi usiku wonse masiku ambiri.

Sabata 35

Izi ndinali nditawauziratu pa masabata 30, zinthu zili bwino: kuti pakati pakadzayandikira msinkhu umene mwana woyamba anafera, mantha adzabweranso, mwina koposa kale, ndipo sichidzakhala chizindikiro chakuti chinachake chalakwika. Tinakonzeratu. Kuyambira sabata 33 azibwera sabata iliyonse. Mayi wa Mvano uja azigona nawo masiku amene bambo ali ku ntchito m'masabata 34 ndi 35. Madokotala anaika tsiku lojambula kukula kwa mwana m'sabata yomweyo.

Mantha anabweradi. Pa masabata 34 EPDS inakwera kufika 15, tulo tinasowanso, ndipo anandiuza kuti analota akuchapa matewera opanda mwana. Funso la kudzivulaza linali 0, kutanthauza kuti maganizo otere analibe. Kusiyana kwake n'kwakuti ulendo uno anadziwa chimene chikuchitika. Analowa m'chipinda n'kunena okha kuti, "Zija munanena zija zafika." Usiku wina anapita kuchipatala chachikulu ataona kuti mwana wachepetsa kusewera, anamuyeza pa makina n'kupeza kuti ali bwino, ndipo m'mawa anandiuza mopanda manyazi. Ndinawayamikira, pakuti n'zimene tinagwirizana.

Zovala za mwana anakana kugula, monga achitira amayi ambiri kwathu mwana asanabadwe. Sitinalimbane nazo. Amayi a Mvano anasonkha, chikwama n'kukhala kwa mayi wachikulire uja.

Pa masabata 36 BP inafika 146/94, n'kubwerezanso chimodzimodzi patapita maola, koma mkodzo unalibe mapuloteni ndipo zoyeza za magazi zinali bwino. Muno mankhwala oyamba a BP ya pakati nthawi zambiri ndi methyldopa, amene amadziwika kuti angathe kuwonjezera kukhumudwa. Poti m'kalata yanga ndinali nditalemba manambala a EPDS pamalo oonekera, dokotala anasankha nifedipine. Ichi ndi chifukwa chimodzi chimene za maganizo ziyenera kulembedwa m'khadi momwemo, osati kungosungidwa m'mutu mwa mzamba amene anamva nkhaniyo. A Nambewe atauzidwa kuti BP yakwera analira, koma anafunsanso funso labwino: "Ndiye mwaipeza msanga?" Ndinati inde.

Kuchira ndi pambuyo pake

Madokotala anayambitsa matenda pa masabata 38. Tinali titalemba pa tsamba loyamba la khadi, ndi chilolezo chawo, kuti mayiyu anataya mwana pa masabata 35, Chingerezi amamva pang'ono, auzidwe chilichonse chisanachitike, ndipo amve mtima wa mwana ukamayezedwa. Anachira bwinobwino, mwana wamwamuna wa makilogalamu 2.7, analira pompo ndipo anamuika pachifuwa pa mayi ake.

Ndinawaona pa tsiku la 5. BP inali 134/86, bere likutuluka, mchombo uli bwino. Ankalira pafupipafupi ndipo ankadzuka kukaika chala pamphuno pa mwana. Kulira kwa masiku oyambawa n'kofala ndipo kumatha pasanathe masabata 2, koma kwa mayi wa mbiri iyi sindinangodalira zimenezo. Ndinauza bambo ndi mayi wa Mvano kuti akaona kusagona konse, kulankhula zosamveka kapena kuona ndi kumva zinthu zimene palibe, athamangire kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa matenda amenewo, ngakhale amagwira mayi mmodzi kapena awiri pa 1,000, sadikira. Ndinawapatsanso tsiku lina pa masabata 2.

Pa masabata 6 EPDS inali 8, funso lomaliza 0. BP inali 124/80 ndipo dokotala anasiyitsa mankhwala, n'kuwauza kuti aziyezetsabe chaka chilichonse ndipo pakati pena padzayambe sikelo msanga kuti asipirini adzayambe pa nthawi yake. Anasankha kulera kwa kapulasitiki ka pamkono. Mwana analandira katemera wake, akuyamwa bere lokha ndipo akukula bwino.

Zotsala zilipo. Ntchito ili imodzi yokha ndipo lendi ikuvuta. Ndalama ya boma yothandizira ana sangalandire, poti imaperekedwa kwa nzika, okhala mokhazikika ndi othawa kwawo ovomerezeka. Kulembetsa kubadwa kwa mwana ku Home Affairs, kumene kumafunika pasanathe masiku 30, kunali kusanatheke chifukwa cha mapepala a makolo, ndipo ndawatumiza kwa wothandiza za umoyo wa mabanja wa pa kiliniki yathu. Namwino wa sikelo ya ana ndamufotokozera mbiri yonse, iwo atalola, ndipo adzawafunsanso mafunso a EPDS pa katemera wa masabata 14, nthawi imene akuyembekezeka kubwerera ku ntchito n'kuyamba kusiya mwana m'manja mwa munthu wina.